Dzina Limene Luckness Anatchula M'chigafa

"Mutsitseni mwanayo, make Lenia. Kusikelo sapita."

ANachisale anali ataima pakati pa kanjira kotulukira pabwalo, lichero la mtedza lili m'manja. Luckness, mkazi wa mwana wawo wamng'ono Enoki, anali atabereka kale khanda lake, buku la kusikelo atalipisa m'chitenje. Aka kanali kachitatu kutsekerezedwa ndi apongozi omwewa pa nkhani yomweyi.

Anayankha motsitsa mawu, monga amachitira mtengwa pamudzi pa eni ake. Anati Lenia watha miyezi itatu, ndipo chichokereni kuchipatala kumene anabadwira sanalandirenso katemera ngakhale mmodzi. Anati a Yohane, a zaumoyo amene amayendera midzi ya kuno, analengeza kuti miyezi yozizira ino ndi imene kutsekula m'mimba kumakolola makanda, ndipo alipo katemera wake wodontheza m'kamwa, wa rota. Nanga si Madalo, mwana wa alamu ake a Agustino, analandira kale?

"Madalo ndi mwana wotengedwa," anatero aNachisale. "Bambo ake ali pano, anamulowetsa kumphasa, thupi linakhwima. Wanuyu ndi wozizira. Inu mukufuna mukamuponye pakati pa azimayi amene adzuka pamphasa za amuna awo m'mawa uno? A Yohane anuwo akwatira chaka chomwe chino, manja awo ndi moto wokhawokha. Akamukweza pasikelo, akamukhudza pakamwa, mwana atsempheka. Ndiye mudzalirira yani?"

Mwambo wake ndi umenewo kumapiri a Ntchisi kuno. Khanda limakhala lozizira mpaka tsiku limene bambo ndi mayi ake adzakhalirenso malo amodzi n'kulitenga. Tsikulo lisanafike, munthu amene akugona ndi mwamuna kapena mkazi saligwira. Tsono bambo ake a Lenia anali kuti? Enoki anapita ku Joni mimba ili ya miyezi isanu ndi iwiri. Akaimba foni, nyimbo yake inali imodzi: mwezi wamawa ndikubwera. Atamuuza kuti alipo mankhwala otengera mwana bambo akakhala kutali, anakana kwamtuwagalu, amvekere mwana wake satengedwa ndi zitsamba ngati wamasiye. Mwamuna kulamula ali kudziko la eni, khanda n'kumadikira basi imene sinanyamuke n'komwe.

Luckness anakumbutsa apongozi ake kuti ngakhale pobadwa, amene anamulandira Lenia anali anamwino, akazi a eni. ANachisale anati zimenezo anazikonza kale ndi mankhwala osamba tsiku lochokera kuchipatala, ndipo mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Iwo anabereka ana asanu ndi atatu popanda madontho a m'kamwa. Luckness ankadziwa kuti mwa asanu ndi atatuwo anayi ali kumanda, onse asanamere mano, koma mawu amenewo anawameza.

Apo n'kuti a Agustino ali pakhonde pawo, akupukuta njinga yawo yamoto ndi kansanza. Awa ndi akulu ake a Enoki, mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ngakhale pa Lachiwiri. Paguwa ankadzudzula za makolo mpaka thovu kukamwa, koma pamaso pa mayi awo ankakhala ngati nkhuku yovumbwa. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Alamu, mverani amayi. Safunsa anadya phula."

Luckness anamasula chitenje n'kulowa m'nyumba.

Madzulo a tsiku lomwelo, ali pamjigo, anaona a Yohane akutsika ndi njinga yakapalasa, bokosi la katemera lili pakaliyala. Anasiya ndowa n'kuwaimitsa. Anawafunsa ngati sangadzere kuseri kwa nyumba tsiku lina kuti amudonthezere mwanayo mwakachetechete. A Yohane anati zobisa iwo sachita, zimabala milandu. Chimene angathe ndi kubwera masana, anthu akuona, kudzalankhula ndi banja lonse sikelo ya mwezi wamawa isanafike. Anacheza nthawi yosakwana kudzaza ndowa ziwiri. Koma pamjigo panali azimayi asanu ndi mmodzi, ndipo maso a pamjigo amakhala ndi pakamwa.

Patatha masabata awiri, matenda analowa m'mudzi. Anayamba ndi Madalo. Anatsekula masiku awiri, akuyamwa, akuseka, tsiku lachitatu n'kuleka. Kenako anagwira Lenia, ndipo kwa Lenia sanabwere kudzacheza. Kunayamba kusanza. Kunabwera kutsekula, madzi okhaokha, wosakhalitsa ena, wosakhalitsa ena. Matewera anatha, zitenje zinatha, chingwe cha panja chinadzaza ndi nsalu zokana kuuma chifukwa cha nkhungu ya Juni. M'mawa wa tsiku lachitatu maso anali atalowa, liwombo litagwa, ndipo akalira misozi sinkatuluka.

Luckness anathamangira kwa alamu ake kukapempha njinga yamoto. A Agustino anamutengera kuchigafa kumene ankaimika njingayo, anagogoda thanki ndi chala, nati mulibe ngakhale dontho la mafuta. Luckness anabwerera kuti angobereka mwana n'kuyenda wapansi. Kuchipatala cha ku Malomo ndi maola anayi, kukwera ndi kutsika, koma miyendo anali nayo. Anapeza pamphasa palibe mwana. Apongozi anali atamutenga kale, atamumata phala lakuda la mankhwala paliwombo, atamufunditsa chitenje chawo. Iwo ndi mkazi wamasiye, wozizira, ndiye kugwira khanda kunali kololedwa. Anati mwanayo asayamwenso, mkakawo waipa. Anati onse akumane m'chigafa.

M'chigafamo munali fodya wodinda kale, mabelo ataunjikidwa kudikira galimoto. ANachisale anakhala pamphasa, khanda lili pamiyendo. A Agustino anakhala pabelo. Mkazi wawo Eveline anakhala chakumbali, Madalo ali kumbuyo. Luckness anakhazikidwa padothi, pakati. Kunja, kuseri kwa udzu, kunaoneka mapazi a azimayi amene mwadzidzidzi anakumbukira kuti ali ndi zochita pafupi ndi chigafa cha eni.

ANachisale sanazungulire. Anati mwanayu kusikelo sanapite, munthu wachilendo sanamugwire, anamusamala ngati dzira. Nanga moto walowera pati? Khomo latsala ndi limodzi: mayi ake. Awa ndi matenda a tsempho. Mankhwala ake iwo akuwadziwa, mizu akumba kale, koma sagwira ntchito mpaka wolakwa aulule, atchule mwamunayo, ndipo mwamunayo ang'ambe kansalu ka malaya ake am'kati kuti kaphikidwe pamodzi ndi mizuyo. Mwana satuluka m'chigafa muno dzinalo lisanamveke.

Luckness anakana. Analumbira pali mayi ake amene anagona ku Dowa. Anapempha Baibulo kuti aligwire, a Agustino anati Buku Loyera si la masewera. Anapempha kuti mwana ayambe wapita kuchipatala, mlandu suola, adzaupeza pobwera. ANachisale anati singano ikalowa m'thupi la mwana wotsempheka ndiye kumutsiriza.

"Nanga amayi, Lenia ali ndi kholo limodzi?" anafunsa Luckness. "Bambo ake atha theka la chaka ku Joni. Ndani akuona kumene amagona?"

"Tamverani pakamwa pakepo," anatero aNachisale. "Enoki ndinamulera m'pemphero. Mtengwa woloza chala mwamuna wake pamaso pa apongozi wadziulula kale khalidwe."

Ndi mmene zimakhalira. Mwana akanenepa, wafanana ndi bambo ake. Akadwala, mayi ake ndi hule.

"Alamu," anatero a Agustino ndi mawu awo a paguwa, ofewa ngati mafuta odzola, "tonse ndife ochimwa, palibe woponya mwala muno. Tchulani. Pamjigo anthu anaona, ndipo dzinalo tonse tili nalo kukamwa. Mungolilavula basi, mwana apulumuke. Mulungu amakhululuka."

Dzuwa linakwera mpaka kufika pamutu. Anamufunsa, anamunyengerera, anamuopseza kuti akamutula kwa amalume ake ku Dowa ndi mtembo m'manja. Pakati pa phokoso lonselo Luckness anazindikira kuti pali chinthu chimene chasowa m'chigafamo. Lenia anali atasiya kulira. Kamutu kanali katapendekera pamkono wa agogo ake, pakamwa pali yasa, milomo itayera ngati phulusa.

Anaganiza zongotchula a Yohane kuti nkhani ithe. Koma ithe bwanji? Amuna a m'mudzi akanapita kukagwira mwana wa eni wosalakwa, kumumenya, kumung'ambira malaya. Mizu ikanaphikidwa, ndipo Lenia akanatsirizikira pomwepo, akumwa msuzi wa nsanza. Anayang'ana apongozi ake. Anayang'ana alamu ake, jekete yawo, nsapato zawo zopolisha. Kuseri kwawo njinga yamoto inali chiimire, itafundidwa chiguduli kuti isachite fumbi.

"Chabwino, ndinena."

ANachisale anapuma mozama. A Agustino anapinda manja pachifuwa n'kutsinzina, kukonzekera kukhululuka.

"Ndi alamu anga a Agustino."

Kuseri kwa udzu wina anatsokomola. Eveline anayang'ana mwamuna wake pang'onopang'ono, kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Bodza limenelo," anatero aNachisale. "Mwana wanga ndi mkulu wa mpingo."

"Amayi, mwanena nokha kuti mwana satsempheka popanda wolakwa. Mwati nditchule dzina, ndatchula. Alamu, vulani jeketeyo, ng'ambani malaya am'katiwo. Amayi akoleze moto, mizu ikudikira."

A Agustino anadzuka, anakhalanso, anadzukanso. Thukuta linatsika m'khosi ngakhale mphepo ya kuphiri inkalowa mbali zonse. Anayamba kulumbira, koma anakumbukira kuti ndi iwo omwe akana kulumbira kwa mnzawo kanthawi kapitako. Ndiye anatembenukira kwa mayi awo. Anati akayang'anitsitsa, mwanayu sakuoneka ngati wotsempheka ayi. Kodi si matenda omwewa amene anadwala Madalo sabata yatha? Nanga Madalo anamutsempha ndani? Awa ndi matenda a tizilombo, a kuchipatala, a Yohane anawakamba kutchalitchi iwo ali pomwepo. Ndipo ndi tchimo, tchimo lalikulu, kukhala m'chigafa kumakangana mwana akutha madzi.

Taonani mmene nzeru zimabwerera msanga moto ukagwira buluku lako.

ANachisale anayang'ana khanda pamiyendo pawo. Akati ndi tsempho, ndiye kuti mwana wawo wachisamba wagona ndi mkazi wa mng'ono wake. Akati si tsempho, ndiye kuti m'mawa wonse azunza mtengwa pachabe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anamupereka Lenia kwa mayi ake.

Mafuta aja anapezeka. Anali m'chigubu, kuseri kwa belo limene a Agustino anakhalapo m'mawa wonse.

Msewu wa ku Malomo ndi wa miyala ndi zigwembe, koma tsiku limenelo a Agustino anauyenda ngati wa tala. Luckness anakhala kumbuyo, mwana ali pachifuwa, akumufinyira mkaka pamilomo youma ija. Pachitunda china njinga itachepetsa liwiro, iwo anatembenuza mutu pang'ono.

"Alamu, mwandipheranji ine?"

"Yang'anani kutsogolo, alamu. Akafa mwanayu, dzina lanu lilowa naye m'manda."

Kuchipatala namwino sanafunse za kumudzi. Anali mayi wa mimba yaikulu, woyenda atagwira msana, koma manja ake anali achangu. Anatsina khungu la pamimba pa Lenia, khungulo linakhala chiimire. Anafuna mtsempha pamkono, anausowa. Pamwendo, anausowa. Anapukuta phala lakuda lija ndi thonje, anameta katsitsi, n'kulowetsa singano ya diripi pamutu. Atamaliza m'pamene anauza Luckness kuti akanachedwa pang'ono pokha, bwenzi akukamba zina. M'chipindamo munali makanda ena asanu ndi awiri, matenda omwewo, fungo lomwelo. Luckness anayang'ana amayi awo mmodzimmodzi, nkhope zotopa, maso ofiira. Kodi onsewa anachimwa sabata imodzi?

Panja a Agustino anagwada pafupi ndi njinga yawo, masanasana, anthu akudutsa. Chiyambireni ukulu wa mpingo, sanapemphererepo mwana wa munthu ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo.

Dzuwa lisanalowe, botolo lachiwiri lili pakati, Lenia analira. Kulira koipa, kokalipa, kwa munthu amene wabedwa chinthu, ndipo misozi inatuluka. Ananyowetsa thewera. Anafufuza bere ndi kamphuno, ataligwira analikoka ndi nkhanza. Luckness anamva kuwawa mpaka kumsana, anaseka, kenako anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedera. Mayi wa pabedi loyandikana anamusisita pamsana osamufunsa kanthu.

A Agustino atamva kuti mwana wayamwa, analowa ndi kope lawo la kumpingo ndi cholembera. Anafunsa namwino dzina la matendawa, kumene amachokera, ndiponso, akuyang'ana pansi, ngati angabwere chifukwa cha zochita za akuluakulu. Namwino anati ana ambiri odwala chonchi nyengo ino ndi kachilombo ka rota. Kamayenda ndi manja, ndi matewera, ndi ziwiya, ndipo sikafunsa kuti ndani wagona ndi yani. Madontho a m'kamwa aja satseka khomo kotheratu, koma mwana amene analandira kawirikawiri amadwala mopepuka. Anati anamva kuti anthu ophunzira akuyesa kupanga katemera wina, wobaya, wosakhala ndi kachilombo kathunthu koma kachidutswa ka chikopa chake kokha, kuti thupi lidziwiretu mdani poona chovala chake. Koma zimenezo zikadali m'manja mwa oyesa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: amene alipo lero ndi wa madontho, ndipo Lenia akachira bwinobwino abwere Lachinayi la sabata yamawa adzalandire, pamodzi ndi akatemera ena onse amene anamudutsa.

A Agustino anapempha kuti zonsezo azilembe papepala, adindepo chidindo. Namwino anati chidindo ndi cha odwala, ndipo iwo sakuoneka odwala.

Mawa lake kunabwera Eveline ndi chakudya cha wodikirira. Anachiika pansi osapereka moni. Luckness anamutengera kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, anagwada pafumbi, n'kumuuza kuti alamu ake sanamukhudzepo ngakhale chala, kuti iye ankafuna njinga basi, ndipo ngati pali munthu mmodzi amene wamulakwira pa zonsezi ndi Eveline. Eveline anayang'ana utsi wa m'khitchini.

"Ukudziwa chimene chandiwawa, make Lenia? Utatchula dzina lija, mtima wanga sunadabwe."

Kenako anamudzutsa, anamusansa fumbi m'mawondo, n'kufunsa kuti tsono zoona azinena liti pamaso pa anthu. Luckness anati tsiku limene Lenia adzameze katemera, osati dzulo lake. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Akabweza mawu lero, mawa tsempho adzukanso, ndipo chigubu cha mafuta chisowanso. Eveline anapukusa mutu, koma pambali pa kamwa pake pankagwedera.

"Asiye avutike. Sabata imodzi siipha munthu."

Sabata imeneyo inali chaka kwa a Agustino. Lenia anatuluka m'chipatala tsiku lachinayi, wowonda koma maso ali gwa, ndipo anapeza nkhani itafika kale kumijigo ya midzi itatu. Tsiku la mapemphero akulu anzawo anawapempha mwaulemu a Agustino kuti ayambe akhala kumbuyo, Mawu awerenga wina. Eveline ankawaikira madzi osamba osalankhula, n'kumagona ndi Madalo pamphasa ina. A Yohane atabwera monga analonjezera, amene anawathamangira ndi mpando anali a Agustino, n'kumawafunsa mokweza mafunso a kachilombo kuti oyandikana nawo amve.

Kawiri konse a Agustino anapita kwa Luckness kukapempha kuti abweze mawu aja. Ankaima patali, pakati pa bwalo, chipewa chili m'manja, kuti aliyense aone kuti m'nyumba salowa. Anamukumbutsa za lamulo loletsa umboni wonama. Luckness anawafunsa ngati m'malamulomo mulibe lonena za thanki ya njinga. Pa pempho lawo, yankho lake linali lomwelo: Lachinayi.

Enoki anaimba foni akukalipa, amvekere wamva zonse, ndipo mwezi wamawa akubwera kudzathana ndi aliyense. Luckness anamusiya akalipe mpaka atatopa. Kenako anamuuza kuti mwana wake wapulumuka, ngati akufuna kudziwa, n'kudula foniyo.

Lachinayi m'mawa, mame asanaume, njinga inali italira kale pabwalo. ANachisale anatuluka atadzifunditsa bulangete. Anati mwana wachira, Mulungu alemekezeke, ndipo za m'chigafa zija ziiwalike. Koma wachira wachira, akadali wozizira. Tsiku lija zinali zadzidzidzi, lero palibe chomuperekera m'manja mwa anthu otentha.

"Ngati manja a namwino angamutsemphe, amayi, ndiye kuti za tsempho n'zoona," anatero Luckness. "Ngati n'zoona, dzina lija likhale mmene ndinalitchulira."

A Agustino anazimitsa njinga. Anatsika, anapita pamaso pa mayi awo, jekete ndi zonse, n'kugwada pamame.

"Amayi, ndagwira mwendo wanu. Mukufuna ndikhale kumbuyo kwa tchalitchi mpaka Enoki abwere? Enoki wake uti, wa mwezi wamawa uja?"

ANachisale analowa m'nyumba, anatuluka atavala chitenje chawo cha chigwirizano cha amayi a mpingo ndi duku. Anati ngati mwana apita, amunyamula okha, ndipo m'manja mwawo sachoka. Anakwera atatu panjinga imodzi, agogo ali pakati ndi khanda, akudandaula pachigwembe chilichonse.

Pakhonde la chipatala panali mzere wa azimayi, ena a m'mudzi mwawo momwe, ena a pamjigo paja. Onse anasiya zocheza zawo. Anayang'ana Luckness, anayang'ana a Agustino amene anaima potero pafupi ndi zenera, n'kuyang'anana. Dzina la Lenia litaitanidwa, namwino uja anatambasula manja.

ANachisale anayang'ana mimba ya namwinoyo, yaikulu, yotsogola ngati dzungu. Mimba sibwera ndi mphepo. Manja otentha kuposa amenewa sakanawapeza ku Ntchisi konse. Anafumbatira khanda pachifuwa. Anatembenuka, anaona mwana wawo wachisamba pazenera, chipewa chili m'manja, milomo ikuyenda. Anapuma, n'kumupereka Lenia.

"Donthezani bwino, asalavule."

Namwino anamupendeketsa, anamufinya timasaya, n'kudontheza. Lenia anakwinya nkhope, anatafuna mlengalenga, anameza. Za singano za pantchafu analira mpaka kumveka kumsika, ndipo mawu ake anali a munthu wamoyo.

Luckness anadikira mpaka namwino atalemba m'buku. Kenako anaima kutsogolo kwa mzere, manja ali m'chiuno.

"Azimayi a kwathu amene muli pano, nkhani ija munainyamula msanga, iyinso muinyamule chimodzimodzi. Alamu angawa sanandikhudzepo. A Yohane sanandikhudzepo. Chichokereni bambo a Lenia, mphasa yanga sinaone phazi la mwamuna. Ndinanama m'chigafa muja. Mwana wanga ankafa, ndipo ine ndinkafuna njinga."

Kenako mayi wina wa kumapeto kwa mzere, wosawadziwa n'komwe, anaphulika kuseka, ndipo kuseka kunayenda khonde lonse. A Agustino anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, miyendo ili tambalale, akupukuta nkhope ndi chipewa.

ANachisale sanaseke. Analandira mdzukulu wawo, anamupukuta kukamwa ndi nsonga ya chitenje, anamugwedeza mpaka anatonthola.

"Make Lenia, muli ndi mtima wouma ngati mwala wa mphero."

"Ndamva, amayi."

Namwino anatseka buku, nati madonthowa si a tsiku limodzi, mwana adzabwerenso mwezi ukatha. Luckness anatambasula dzanja kuti alandire bukulo, koma apongozi ake anali atalitenga kale. Analitembenuza uku ndi uku, kuwerenga sadziwa, n'kuloza nalo kuzenera.

"Tsikulo litchuleni mokweza, anamwino. Awo a njingawo alimve."